Disiki yachiwiri inafa ndili mkati mokonza yoyamba

Ndimakhala ku Turffontein, kummwera kwa mzinda wa Johannesburg, ndipo ntchito imene imandidyetsa ndi yojambula zithunzi ndi makanema pa zochitika za Amalawi anzathu okhala kuno ku Joni: zinkhoswe, maukwati, mapemphero a usiku, komanso miyambo ya maliro imene imachitika thupi lisananyamulidwe kupita kumudzi. Pa zonsezi, kanema wa maliro ndi amene ndimamusamala kwambiri, chifukwa ukwati umajambulidwa ndi mafoni ambirimbiri, pamene pamaliro anthu amakhala akulira ndipo sakhala ndi mtima wojambula, moti chimene ine ndajambula chimakhala chokhacho chimene makolo otsala ku Mulanje kapena ku Mangochi adzaone cha momwe mwana wawo anatsanzikidwira kuchilendo. Ndikulemba izi kwa anzanga amene amasunga zinthu za anthu m'makompyuta, kaya ndi ojambula ngati ine, kaya ndi osunga mabuku a mpingo kapena a bizinesi yaing'ono, kuti zimene zinandigwera mu 2022 zisawagwere.

Makanema amadya malo kwambiri. Ukwati umodzi wojambulidwa ndi makamera awiri umatha kupitirira magigabaiti 200, ndipo eni ake amabweranso patapita chaka chimodzi kapena ziwiri kudzapempha kope lina chifukwa lawo linasowa posamuka nyumba. Poyamba ndinkasunga zonse pa madisiki olumikiza ndi chingwe cha USB, omwe ndinkawaunjika m'kabati, mpaka tsiku lina imodzi inagwa kuchokera patebulo ili mkati mozungulira n'kusiya kuwerengeka. Apa ndi pamene achimwene ena amene timapemphera nawo, omwe amagwira ntchito yosamalira maseva ku Midrand, anandiuza za RAID. Dzinali linachokera ku yunivesite ya California ku Berkeley, kumene David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz anafalitsa mu 1988 maganizo akuti madisiki ang'onoang'ono otchipa, atalumikizidwa mwanzeru, angathe kugwira ntchito ya disiki imodzi yaikulu yodula, ndiponso kupitiriza ntchito imodzi mwa iwo ikafa.

Pali njira zingapo zolumikizira madisikiwo, ndipo iliyonse ili ndi nambala yake. RAID 0 imagawa fayilo m'zidutswa n'kuzimwaza pa madisiki onse kuti ntchito ifulumire, koma ilibe chitetezo chilichonse, moti disiki imodzi ikafa zonse zapita. RAID 1 imalemba chinthu chomwecho pa madisiki awiri, njira yosavuta ndi yodalirika, kungoti theka la malo amene mwagula limathera pa kubwereza. Imene inandikopa ine inali RAID 5, imene imafuna madisiki osachepera 3 ndipo imangokulandani malo a disiki imodzi yokha, ngakhale mutalumikiza 4 kapena 5. Zimenezi zimatheka chifukwa cha chinthu chotchedwa parity.

Ndinavutika kumvetsa parity mpaka pamene achimwenewo anatenga kabuku ka zopereka ka bungwe lathu la maliro. Tiyerekeze kuti anthu atatu apereka R300, R500 ndi R200, ndipo msungichuma walemba mzere wachinayi wa zonse pamodzi, R1000. Madzi atagwera pa tsambalo n'kufufuta mzere umodzi, palibe chimene chatayika, chifukwa mukachotsa mizere iwiri yotsalayo pa R1000 mupeza ndalama imene yafufutika. Mzere wachinayiwo ndiwo parity. Kompyuta siwonkhetsa ndalama ayi, imagwiritsa ntchito masamu otchedwa XOR, amene amangoyang'ana ngati chiwerengero cha ma 1 a pamalo amodzi pa madisiki onse chikugawika pawiri popanda chotsala, koma nzeru yake ndi yomweyo. Mu RAID 5 mzere wa parity sukhala pa disiki imodzi yokha, umasinthasintha malo, pano uli pa disiki iyi, pamzere wotsatira uli pa iyo, kuti pasakhale disiki yolemedwa kuposa madisiki enawo. Koma taonani chimene chimachitika madzi akafufuta mizere iwiri, ya R500 ndi ya R200. Mumadziwa kuti anthu awiriwo pamodzi anapereka R700, koma simungadziwe kuti uyu anapereka zingati ndipo uyo zingati. Mfundo imeneyi ndinaimva ndi makutu tsiku limenelo, koma sindinaiike kumtima.

Kumayambiriro kwa 2021 ndinagula madisiki 4 a materabaiti 4 iliyonse, tsiku limodzi, m'sitolo imodzi, onse a mtundu umodzi wopangidwira makompyuta wamba a patebulo. Ndinawaika m'bokosi la kompyuta yakale, ndinaikamo Debian, mtundu wina wa Linux, dongosolo loyendetsera kompyuta, ndipo ndi pulogalamu ya mdadm, imene pa Linux imalumikiza madisiki popanda kugula khadi yapadera, ndinapanga RAID 5 ya materabaiti 12. Zinayenda bwino kwa miyezi yambiri, moti ndinasiya kusunga makope ena, ndipo makhadi a m'kamera ndinkawafufuta ndikangomaliza kukopera kuti ndikawagwiritse ntchito pa chochitika chotsatira. Mumtima ndinkati zinthu zanga zili pa madisiki 4, choncho palibe choopa. Chinanso, popeza magetsi ankazimazima kwambiri mu 2022, chaka chimene load shedding inafika pa stage 6 kangapo, ndinazolowera kuzimitsa kompyutayo usiku uliwonse ndisanagone, ndikuganiza kuti ndikuiteteza.

Mu Novembala 2022 ndinajambula mwambo wotsanzikana ndi bambo ena a kwathu amene anamwalira kuno atadwala kwa nthawi yochepa. Thupi linanyamuka pamsewu wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kulowa ku Mwanza, ndipo mayi ofedwawo anandipempha kuti akamabwerako kumudzi adzapeze kanemayo atakonzedwa, kuti adzatumize kwa apongozi awo ndiponso asungire ana. Nditayamba kukonza, ndinaona kuti kompyuta ikuchedwa kutsegula mafayilo. Ndinalemba cat /proc/mdstat, lamulo limene limaonetsa umoyo wa RAID, ndipo m'malo mwa zilembo U zinayi zondondozana, chilichonse choimira disiki yamoyo, ndinaona zitatu ndi kamzere pamalo pa chimodzi. Nditafufuza m'zolembera za kompyuta ndinapeza kuti disiki imeneyo inatulutsidwa m'gulu la RAID mu Seputembala. Kwa miyezi iwiri yathunthu ndinkagwira ntchito popanda chitetezo chilichonse, ndikuwonjezera makanema a anthu mlungu ndi mlungu, osadziwa kanthu, chifukwa RAID 5 imapitiriza kugwira ntchito ngati palibe chachitika, ikumawerengera zidutswa zosowazo kuchokera ku parity. Ubwino wake womwewo ndi umene unandibisira ngozi. Pulogalamu ya mdadm ikanatha kunditumizira uthenga tsiku lomwelo, koma ine sindinaiuze kumene ingatumize.

M'mawa mwake ndinathamangira kukagula disiki yatsopano, ndinaiika, ndipo kumanganso kunayamba. Apa ndinalakwitsanso. Ndikanayamba ndakopera kwina mafayilo ofunika kwambiri, makamaka a maliro aja, gululo lidakali lowerengeka, koma ndinafulumira kufuna kuona zilembo zinayi zija zitabwerera. Ndinakhala pafupi ndikuyang'ana manambala akukwera pang'onopang'ono. Madzulo, atafika pa 63 peresenti, anaima. Disiki yachiwiri inali itakanidwa, ndipo foda ya makanema inasiya kutseguka.

Pambuyo pake ndinamvetsa kuti umu ndi momwe RAID 5 imafera kawirikawiri. Kuti kompyuta imangenso disiki imodzi, iyenera kuwerenga kachigawo kalikonse ka madisiki onse otsala, kuyambira koyamba mpaka komaliza, kuphatikizapo malo amene sanawerengedwepo kwa chaka chathunthu. Kwa ine amenewo anali materabaiti 12. Opanga madisiki wamba amalemba okha m'mapepala awo kuti kulephera kuwerenga kungathe kuchitika kamodzi pa mabiti okwana 1 wotsatiridwa ndi maziro 14, omwe ndi pafupifupi materabaiti 12.5. Madisiki ambiri amachita bwino kuposa chiwerengero chimenechi, komabe chimaonetsa kuti madisiki akamakula, chiopsezo chokumana ndi kachigawo kowola pa nthawi yomanganso chimakulanso, ndipo nthawi imeneyo mumakhala mulibe parity yoti ikuthandizeni. Onjezanipo kuti madisiki anga anali amsinkhu umodzi, opangidwa pamodzi, otenthedwa mofanana ndi kudulidwa magetsi mofanana, ndipo kumanganso kumawagwiritsa ntchito kwa maola ambiri osapuma. Disiki ya materabaiti 4 ikamalembedwa pa liwiro la mamegabaiti 150 pa sekondi imatenga maola oposa 7, ndipo nthawi zambiri zimapitirira pamenepo.

Panalinso zinthu ziwiri zimene achimwene aja anandionetsa. Choyamba, Debian imabwera ndi dongosolo loti usiku wa Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse mdadm iwerenge madisiki onse, ndipo ikapeza kachigawo kosawerengeka, ikalembenso kuchokera ku parity zinthu zidakali bwino. Kompyuta yanga inkakhala yozimitsidwa usiku uliwonse, choncho kuyendera kumeneku sikunkachitika, ndipo zigawo zowola zinkangounjikana mwakachetechete. Chachiwiri ndi chokhudza nthawi. Disiki yopangidwira kompyuta wamba ikakumana ndi kachigawo kovuta imalimbana nako kwa nthawi yaitali, nthawi zina kupitirira mphindi imodzi, osayankha chilichonse, pamene Linux imadikira masekondi 30 okha kenako n'kuiona ngati yafa. Zotsatira zake n'zakuti disiki imene ikanatha kugwirabe ntchito, yokhala ndi zigawo zochepa zowonongeka, imatayidwa yonse.

Usiku womwewo ndinawaimbira foni achimwenewo, ndipo mawu awo oyamba anali akuti, "Achimwene, musalembenso lamulo lililonse. Zimitsani kompyutayo, ndibwera mawa ndikaweruka." Ndinali nditawerenga kale pa intaneti malangizo a anthu ena oti ndipangenso gululo ndi mdadm --create pa madisiki omwewo, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti sindinafike pochita zimenezo, chifukwa lamulo limeneli limalemba chidziwitso chatsopano pamwamba pa chakale, ndipo mukasokoneza ndondomeko ya madisiki kapena kukula kwa zidutswa, mukhoza kuwononga zimene zikanapulumuka. Iwo anabwera ndi disiki ina, ndipo ndi pulogalamu ya ddrescue anakopera disiki yodwalayo yonse, kuyambira ndi malo osavuta kenako n'kumabwerera mobwerezabwereza ku malo ovuta. Zinatenga masiku 3. Atatha, analumikiza kope limenelo ndi madisiki awiri abwino aja pogwiritsa ntchito mdadm --assemble --force, anatsegula gululo mongowerenga osalembamo, ndipo tinayamba kusamutsira mafayilo ku madisiki obwereka.

Zambiri zinapulumuka. Malo amene ddrescue inalephera kuwerenga anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa disiki, koma anagwera m'mafayilo 9, ndipo imodzi mwa iwo inali chigawo cha mphindi 12 cha maliro aja, pamene mayiwo anaimirira kuthokoza anthu amene anasonkha ndalama zonyamulira thupi, ndipo mwana wawo wamkulu anawerenga mbiri ya bambo ake. Kowonongekako kunali pamalo pamene fayilo imasunga ndondomeko ya zithunzi ndi mawu, moti tinayesa mapulogalamu angapo okonzera koma tinangopeza zithunzi zodukaduka zopanda mawu. Khadi ya m'kamera ndinali nditaifufuta kale n'kujambulirapo ukwati wina. Madzi akatayika saoleka. Mayiwo atabwerako kumudzi ndinapita kunyumba kwawo ku Rosettenville, ndinakhala pansi n'kuwauza kuti, "Mayi, ndakulakwirani. Kanema alipo, koma pamene munalankhula inuyo ndi mwana wanu pawonongeka, ndipo wolakwa ndine." Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Zikomo achimwene kuti mwabwera nokha kudzandiuza. Agogo ake amafunitsitsa kumva mawu a mwanayu." Malipiro a ntchitoyo ndinawakana, koma zimenezo sizinabweze mawu a mwanayo.

Mu Januwale 2023 ndinamanganso zonse kuyambira pansi, ndipo ulendo uno ndinasankha RAID 6, imene imafuna madisiki osachepera 4 ndipo imasunga parity ziwiri zosiyana, kotero imapirira ngakhale madisiki awiri atafa. Tibwerere ku kabuku ka maliro kaja. Tiyerekeze kuti msungichuma, kuwonjezera pa R1000 ija, walembanso mzere wina momwe chopereka choyamba wachiwerenga kamodzi, chachiwiri kawiri, chachitatu katatu, n'kupeza 1900. Tsopano mizere ya R500 ndi R200 itafufutika yonse, mukudziwa kuti iwiriyo pamodzi ndi 700, komanso, mukachotsa 300 pa 1900, kuti chachiwiri kawiri kuphatikiza chachitatu katatu ndi 1600, ndipo palibe manambala ena amene angakwanire mbali zonse ziwiri kupatula 500 ndi 200. Masamu enieni a RAID 6 ndi ozama kuposa awa, koma njira yake ndi imeneyi. Kumene imathandiza kwambiri ndi pa nthawi yomanganso: disiki imodzi ikafa, parity yachiwiri imakhalapobe kukonza kachigawo kowola kalikonse kamene kangapezeke m'njira, komwe ndi kumene ine ndinagwera. Maganizo anga ndi akuti aliyense wogwiritsa ntchito madisiki a materabaiti 4 kapena kuposa aisiye RAID 5. Mtengo wa disiki imodzi yowonjezera ndi wochepa poyerekeza ndi ulendo umene ndinayenda wopita ku Rosettenville.

Achimwene aja ankafuna kuti ndigwiritse ntchito ZFS, pulogalamu ina yosungira mafayilo ndi kulumikiza madisiki, imene inayambira ku kampani ya Sun Microsystems. Njira yake ya RAIDZ2 imafanana ndi RAID 6, koma imaposa poti imasunga chizindikiro chotsimikizira chidutswa chilichonse, kotero imazindikira ngakhale disiki ikabweza zinthu zolakwika popanda kunena kuti yalephera. Ndimavomereza kuti ndi yabwino, ndipo amene akuyamba kumene aiganizire mofatsa. Ine ndinakhalabe pa mdadm chifukwa ndinali nditaidziwa bwino pa masiku a mavuto aja, komanso chifukwa panthawiyo ZFS sinkalola kuwonjezera disiki imodzi pa gulu la RAIDZ lopangidwa kale, pamene mdadm imalola ndi lamulo la --grow, chinthu chofunika kwa munthu amene amagula disiki pamene ndalama zapezeka. Khadi yapadera ya RAID ndinaikana, chifukwa ikapsa muyenera kusaka ina yogwirizana nayo kuti muwerenge madisiki anu, pamene gulu la mdadm mungathe kulisamutsira mu kompyuta ina iliyonse ya Linux n'kulidzutsa.

Pogula ndinachita mosiyana ndi kale. Ndinagula madisiki 6 a materabaiti 4 opangidwira ma NAS, makina osungira mafayilo amene amakhala oyaka usana ndi usiku, atatu m'sitolo ina ku Randburg, atatu enawo patapita milungu ingapo kwa ogulitsa a pa intaneti, kuti asakhale obadwa tsiku limodzi. Ndinaonetsetsa kuti onse ndi a CMR, amene amalemba mizere yawo mosasanjikizana, osati a SMR. Madisiki a SMR amalemba mizere yawo mosanjikizana ngati malata a padenga, moti kusintha mzere umodzi kumafuna kulembanso oyandikana nawo, ndipo akapatsidwa ntchito yolemba kwa maola ambiri, monga pomanganso RAID, amachedwa kwambiri mpaka ena kutulutsidwa m'gulu. Mu 2020 zinadziwika kuti madisiki ena otere ankagulitsidwa popanda kulembedwa poyera kuti ndi a SMR, choncho musadalire bokosi kapena mawu a wogulitsa, koma tengani nambala ya mtundu wa disikiyo mukaifufuze pa tsamba la opanga. Disiki iliyonse ndinayamba ndaiyesa ndi smartctl -t long, ndinayang'ana manambala a SMART, amene disiki imasunga okhudza umoyo wake, makamaka 5, 197 ndi 198, omwe amaonetsa zigawo zosunthidwa, zokayikitsa ndi zolephera kukonzeka, ndipo ndinamata kapepala ka nambala yake ya siriyo kutsogolo kwake. Kapepala kameneka musakapeputse. Mayina monga sdb ndi sdc amatha kusinthana kompyuta ikayakanso, ndipo munthu amene wazula disiki yabwino m'malo mwa yakufa wadzichotsera yekha chitetezo chimene chinatsala.

Pa disiki iliyonse ndinapanga gawo limodzi locheperako pang'ono poyerekeza ndi disiki yonse, chifukwa madisiki olembedwa kukula kofanana amatha kusiyana pang'ono, ndipo yolowa m'malo ikachepa ngakhale ndi kadontho, mdadm imaikana. Kenako ndinalemba mdadm --create /dev/md0 --level=6 --raid-devices=6 n'kutchula magawo onse 6, ndipo kulumikiza koyamba kunatenga usiku wonse. Musadabwe mukaona malo ochepera pa amene munawerengera. Madisiki 6 kuchotsapo malo a awiri othera ku parity ndi materabaiti 16, koma kompyuta imaonetsa pafupifupi 14.5, chifukwa ogulitsa amawerenga ndi 1000 pamene kompyuta imawerenga ndi 1024. Ndinasunga chidziwitso cha gululo mu /etc/mdadm/mdadm.conf pogwiritsa ntchito mdadm --detail --scan, ndinalemba update-initramfs -u kuti lizidziwika kompyuta ikamayaka, ndipo mu fstab, fayilo yotchula madisiki oti atsegulidwe poyaka, ndinaika nambala yosasintha yotchedwa UUID m'malo mwa dzina la disiki. Pa vuto la masekondi 30 lija, lamulo la smartctl -l scterc,70,70 limauza disiki kuti isalimbane ndi kachigawo kovuta kupitirira masekondi 7, koma ingonena kuti yalephera kuti mdadm ikonze kuchokera ku parity. Madisiki ena amaiwala lamuloli magetsi akazima, choncho ndinakonza kuti lizilembedwa nthawi iliyonse kompyuta ikayaka. Amene ali ndi madisiki osamva lamuloli akonze mbali inayo, akweze nthawi yodikira ya Linux kufika masekondi 180.

Komabe chimene chinandidyera nthawi yambiri ndi uthenga. Mu mdadm.conf muli mzere wa MAILADDR pamene mumalembapo imelo yanu, koma kulemba kokha sikukwanira, chifukwa kompyutayo iyeneranso kukhala ndi njira yotumizira makalata kunja. Ndinayesa ndi mdadm --monitor --scan --test --oneshot, ndipo ulendo woyamba palibe chimene chinafika pa foni. Ndinafufuza vutolo, ndinakonza, ndinayesanso mpaka uthenga unalira m'thumba mwanga. Ndinachitanso chimodzimodzi ndi smartd, imene imachenjeza manambala a SMART aja akayamba kukwera disiki isanafe. Ndisanaikemo fayilo ya munthu aliyense, ndinapha dala disiki imodzi ndi mdadm --fail, ndinaichotsa, ndinaibwezera ngati yatsopano, n'kuonerera kumanganso mpaka kumapeto, kuti manja anga azolowere ntchitoyi mtima uli m'malo, lisanafike tsiku la mantha. Ndondomeko yonse ndinailemba papepala n'kulimata mkati mwa chitseko cha kabati.

Tsopano za magetsi, amene kuno ku Johannesburg sitingawalambalale. Kompyuta ikamalemba pa RAID ya parity imaika chidutswa cha fayilo pa disiki ina ndi parity yake pa disiki inanso, ndipo magetsi akaduka pakati pa ziwirizi, parity imatsala yosagwirizana ndi zimene ikuteteza. Ngati madisiki onse ali moyo, mdadm imakonza kompyuta ikayakanso, ndipo bitmap yake, kaundula wa malo amene akulembedwa, imaithandiza kungoyendera malo amene ankalembedwa m'malo mowerenga zonse. Koma ngati disiki ina inali itafa kale, zimene zidzawerengeredwe kuchokera ku parity yolakwikayo zidzakhala zolakwikanso. Chaka cha 2023 chinali choipitsitsa pa load shedding, ndipo kuyambira Okutobala mpaka Malichi kuno kumagwa mvula ya mphenzi zoopsa. Ndinagula UPS, batire yogwirizira kompyuta magetsi akazima, yokhala ndi chingwe cha USB, ndinaika pulogalamu ya NUT imene imazimitsa kompyuta mwadongosolo batire ikatsala pang'ono kutha, ndiponso ndinaika pa pulagi chotchingira magetsi obwera mwamphamvu. Mabatire a UPS amatha msanga akamagwira ntchito kangapo patsiku, choncho ndimawayesa pozula pulagi dala. Kompyuta tsopano imagona yoyaka, ndipo Lolemba lotsatira Lamlungu loyamba la mwezi ndimayang'ana ngati kuyendera kuja kunafikadi kumapeto, popeza kuzima kwa magetsi kumatha kukudula pakati.

Ngakhale ndi zonsezi, RAID 6 singabweze fayilo imene ndafufuta ndekha molakwitsa, chifukwa imafufutika pa madisiki onse nthawi yomweyo. Singathandizenso pulogalamu yoipa yotseka mafayilo ikalowa, nyumba ikapsa, mphenzi ikawotcha bokosi lonse, kapena akuba akathyola, ndipo amene timakhala mumzinda uno tikudziwa kuti wakuba amanyamula bokosi lonse ndi madisiki ake 6 ulendo umodzi. Odziwa ntchitoyi amalangiza makope 3, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi mwa makopewo lili kutali ndi nyumba. Ine ndili ndi madisiki awiri akuluakulu a USB. Imodzi imakhala kuno ikulandira zatsopano kudzera mu pulogalamu yokopera ya rsync, popanda --delete kuti chimene ndafufuta molakwitsa chisafufutikenso kumeneko, inayo imakhala kwa achemwali anga ku Germiston, ndipo pakatha milungu iwiri iliyonse, Loweruka, ndimakasinthanitsa. Nthawi ndi nthawi ndimatsegula makanema angapo kuchokera pa kope limenelo kuti ndione ngati akuseweradi. Khadi ya m'kamera sindiifufuta mpaka zimene zili m'menemo zitafika ku Germiston, zomwe zinandikakamiza kugula makhadi ambiri, ndipo pa maliro ndimayamba ndapatsa banja mafayilo osakonzedwa pa fulashi mkati mwa masiku awiri, ndisanayambe n'komwe kukonza.

Mu Febuluwale 2024, cha m'ma 4 koloko m'mawa, foni inalira ndi uthenga wochokera ku mdadm wonena kuti disiki ina yakanidwa. Ndinadzuka, ndinatsegula kabati, ndinawerenga pepala lija kuyambira mzere woyamba. Ndinayamba ndalumikiza disiki ya USB n'kukoperamo ntchito za mlungu umenewo, kenako ndinafufuza nambala ya siriyo ya disiki yokanidwayo ndi smartctl -i, ndinaifananitsa ndi timapepala tija, ndinazimitsa kompyuta, ndinachotsa yachinayi kuchokera pamwamba n'kuikapo yapadera imene ndinkasunga m'bokosi lake. Magetsi anazima kamodzi kumanganso kuli mkati, NUT inazimitsa kompyuta mwadongosolo, ndipo atabwerera ntchito inapitirira pamene inalekezera. Usiku wa tsiku lomwelo zilembo U zinali 6. Loweruka lotsatira, nditachoka ku Germiston, ndinapita ku Randburg kukagula disiki ina yoti izidikira m'kabati.